Kusankha ndodo yopepuka yoponyera tinyambo ta trout

Choyamba kusankha ndi kanyambo, ndodo ibwere pambuyo. Anthu amene amadzandifunsa za ndodo yowedzera nsomba ya trout pa shedi pomwe ndimakonzera njinga zamoto kuno ku Ulongue, m'boma la Angónia ku Mozambique, amakhala atagula kale ndodo, yonyezimira ndithu, ndipo dandaulo lawo limakhala limodzi: akaponya kanyambo kachitsulo kamangogwera pafupi, mwina mamita asanu okha. Ndodoyo siikhala yoipa ayi. Inangopangidwira nyambo ya magalamu 20 kapena 30, pomwe iwo amangirirako ka magalamu 2.

Chimene chimatumiza nyambo patali si mphamvu ya mkono. Mukaikokera ndodo kumbuyo n'kuibweza kutsogolo, kulemera kwa nyambo kumaipinda, ndipo pamene ikuwongoka m'pamene imaponya. Amene munasakapo mpheta muli ana mukukumbukira kuti legeni ya mphira wokhuthala siiyenderana ndi kamwala kochepetsetsa, kamangothawira kumbali mphira n'kukukwapulani pa chala. Ndodo yolimba ndi kanyambo kopepuka n'chimodzimodzi. Kanyamboko kamalephera kuipinda, ndiye palibe chimene chingawongoke. Ndodo imene amailemba kuti ultralight, kapena UL mwachidule, inapangidwa kuti ipindike ndi kanthu ka magalamu awiri. Zina zonse zimene ndinene pano zikuchokera pamenepo.

Ndisanapitirire, tigwirizane za nsombayi. Trout si nsomba ya mitsinje yathu ino. Mu Revubue mulibe, mu Zambezi mulibe, ku Cahora Bassa musakaifune n'komwe. Mtundu wake wotchuka, rainbow trout, kwawo ndi ku mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, ndipo kuno ku Africa inachita kubwera ndi azungu n'kuikidwa m'mapiri okhaokha. Imafuna madzi oyera, othamanga, a mpweya wambiri, ozizira osapitirira madigiri 20. Akafika cha ku 25 imayamba kufa. Mwina muti, nanga kuno ku Angónia ndi ku Tsangano si kumagwa chisanu mu June ndi July? Kumagwa inde, koma nsomba siikhala m'madzi miyezi iwiri yokha. Pofika October timitsinje tathu timaphwa n'kufunda, ndipo mvula ikagwa madzi amafiira ndi dothi lochokera m'minda ya mbatatesi ndi chimanga.

Ife a chigawo cha Tete tikafuna trout timawoloka malire. Kufupi ndi ku Malawi: kutulukira pa Calomue kulowa Dedza, kutsika Ntcheu, Balaka, Liwonde mpaka Zomba, n'kukwera pamwamba pa phiri pomwe pali mtsinje wa Mulunguzi. Kuli inanso ku Chelinda, pa Nyika, koma kumeneko n'kutali zedi. Amene muli mu mzinda wa Tete kapena ku Moatize, mwina mungaone pafupi ku Nyanga, ku Zimbabwe. Koma funsani musananyamuke. Malo ambiri a trout, makamaka a m'mapaki, amalola kuwedza kwa fly kokha, kuja koponya kambedza kovekedwa nthenga ndi chingwe cholemera. Mukafika ndi spinner, kanyambo kachitsulo kokhala ndi katsamba kozungulira m'madzi, atha kukubwezani pachipata, ndalama ya ulendo itapita. Funsani za chiphaso, funsani za nyengo imene amatsegula, ndipo funsani mosapita m'mbali ngati nyambo zachitsulo n'zololedwa pa damu kapena pa mtsinje umene mukufunawo.

N'chifukwa chake ine ndimati mugule ndodo imene izidzagwiranso ntchito kwathu kuno, poti ulendo wa ku trout suchitika mwezi ndi mwezi. Ndodo yomweyo imakola matemba akuluakulu a m'maiwe a miyala, timapende, ndi kansomba kena ka mizere m'mbali, kachibale ka sanjika, kamene kamakonda pothamanga madzi ndipo kamalumphira spinner mopanda mantha. Kansomba kameneko ndi kamene kanandiphunzitsa kuponya.

Tsopano tiwerenge zolembedwa pa ndodo. Pamwamba pang'ono pa chigwiriro pamakhala timalemba ting'onoting'ono, ndipo ogulitsa ambiri m'masitolo athu sanatiwerengepo. Pamakhala utali wa ndodo, kulimba kwake, kulemera kwa nyambo imene ingaponye, ndi mphamvu ya chingwe choyenera. Cha nyambocho ndiye chofunika kuposa zonse. Ndodo zochokera ku Ulaya ndi ku Japan zimalemba m'magalamu, monga 0.5–5 g kapena 1–7 g. Za ku America, ndi zambiri zimene abale athu amabwera nazo kuchokera ku Johannesburg, zimalemba mu oz, ndipo apa m'pamene anthu amasokonezeka. Sungani izi: 1/32 oz ndi pafupifupi galamu imodzi, 1/16 oz ndi magalamu 1.8, 1/8 oz ndi magalamu 3.5, ndipo 1/4 oz ndi magalamu 7. Ndodo yolembedwa 1/32–1/8 oz ndiye yeniyeni ya tinyambo tathuti. Yolembedwa 1/8–3/8 oz, ngakhale ataisindikiza mawu oti ultralight m'zilembo zagolide, kanyambo ka magalamu awiri siikamva.

Mawu oti UL aja musawakhulupirire okha. Palibe lamulo lomanga makampani onse pa tanthauzo lake, kotero UL ya kampani ina imakhala yolimba ngati L, kutanthauza light, ya kampani inzake. Manambala ndi amene amanena zoona, ndipo ngakhale iwo amakokomeza kumapeto. Ndodo imaponya bwino pakati pa manambala awiriwo. Ngati tinyambo tanu tambiri ndi ta magalamu 2 mpaka 3, funani ndodo ya 1–5 g, osati ya 2–10 g imene kanyambo kanu kali kumalire kwenikweni.

Kuti mudziwe kuti tikunena zinthu zopepuka bwanji: chitsekerero chachitsulo cha botolo la zakumwa chimalemera magalamu awiri ndi pang'ono, ndipo pepala limodzi la A4 ndi magalamu 5. Spinner ya Mepps Aglia nambala 0 ndi magalamu 2.5, nambala 1 ndi 3.5, ndipo ka nambala 00 ndi 1.5 basi. Kansomba kamtengo ka Rapala koyandama, ka masentimita 5, ndi magalamu 3. Ndatchula awiriwa chifukwa ndi amene ofanizira ake adzaza m'masitolo, ndipo ofanizirawo kulemera kwake kumakhala komweko, kungoti tsamba la spinner yotchipa nthawi zina limakana kuzungulira mukamakoka pang'onopang'ono.

Pa chingwe pamalembedwa 1–4 lb kapena 2–6 lb. Ma lb 2 ndi pafupifupi magalamu 900, ma lb 4 ndi kilo imodzi ndi magalamu 800, ma lb 6 ndi makilo 2.7. Ine ndimakonda ya 2–6 lb, chifukwa m'maiwe athu mlamba suchita kupempha chilolezo usanameze kanyambo ka temba.

Chinthu chimene manambala sakuuzani ndi pamene ndodoyo imapindikira, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa m'pamene pagona kukoma kapena kuwawa kwa ndodo. Pali zimene zimapindika kunsonga kokha, gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a utali wake, kwinako n'kukhala njo. Zimenezi amazilemba fast. Pali zopindika mpaka pakati, zolembedwa moderate. Ndiye pali zimene zimapindika thupi lonse mpaka m'chigwiriro, zolembedwa slow.

Ya fast imamva zonse. Spinner ikamazungulira mumamva kunjenjemera kwake m'dzanja, ikakola tsamba la mtengo n'kusiya kuzungulira mumadziwa nthawi yomweyo, ndipo imaponya molunjika pa kampata kapakati pa miyala. Vuto lake limabwera nsomba ikakola. Rainbow trout imadumpha m'mwamba n'kumapukusa mutu, ndipo timbedza titatu ta kaspinner timangogwira kachikopa ka pakamwa. Ndodo ikakhala youma, chingwe chimalefuka kamphindi nsomba ili m'malere, ndipo mbedza imatuluka. Apo ayi kachikopako kamang'ambika. Ya slow ndi yosiyana: nsomba siiphonyoka msanga ndipo chingwe chopyapyala chimatetezeka, koma poponya nsonga imagwedera kosaleka, nyambo n'kumapita kumene simunailozere, ndipo nsomba ikathawira ku mizu mulibe poikanizira.

Maganizo anga ndi oti munthu wogula ndodo imodzi atenge yapakati yopendekera ku fast, imene ena amailemba moderate-fast: nsonga yofewa, pakati popindika nsomba ikakoka, koma cha kuchigwiriro kolimba. Alamu anga, amene anandibweretsera ndodo yanga yoyamba, satero. Iwo amati, "Alamu, ndodo yofewa ndi ya anthu amantha, ine ndimafuna kumva nsomba ikamanunkhiza." Amawedza ndi ya fast ndipo amagwira ndithu, koma iwo amakonda tinyambo tamphira ta mbedza imodzi, tomwe timafuna kukoka kofulumira kuti mbedza ilowe. Ngati inunso muzigwiritsa ntchito timeneto, mverani iwo. Ngati ndi maspinner ndi timasupuni, tinyambo tachitsulo tooneka ngati supuni, mverani ine.

M'sitolo musachite manyazi kuiyesa. Pemphani, "Bambo, ndingailumikize ndiione?" Akakana, pitani kwina. Mukailumikiza, tembenuzirani mphete zodutsamo chingwe m'mwamba, gunditsani nsonga pansi posalala n'kukanikiza pang'onopang'ono, osati mwamphamvu, muone pamene kupindika kukuthera. Kenako igwireni ngati mukuwedza, muigwedeze kamodzi ndi dzanja n'kuima. Ndodo yabwino nsonga yake imagwedera kawiri kapena katatu n'kukhala chete. Imene imapitirizabe kuvina mutasiya kale, isiyeni pomwepo. Ndipo tengani kanyambo kanu m'thumba popita. Mangirirani pa kaulusi, mukapachike kunsonga. Nsonga izigwada pang'ono, mooneka ndi maso. Ikakhala ngati palibe chapachikidwapo, ndodoyo si ya kanyambo kameneko, kaya palembedwa chiyani.

Pomaliza yang'anani ndodoyo kuchokera kuchigwiriro, diso limodzi lotsinzina, muone ngati ili yowongoka komanso ngati mphete zili pa mzere umodzi. Zimene zakhalitsa zotsamira pakhoma m'sitolo yotentha ya mu Tete zina zimakhala zitakhota.

Utali umasankhidwa ndi madzi amene mukawedzemo. Ndodo zimenezi zimayambira pa 4'6", kutanthauza mafiti 4 ndi mainchi 6, omwe ndi masentimita 137, kufika 7' ndi kupitirirapo, omwe ndi mamita 2.13. Timitsinje ta m'mapiri, kaya ku Zomba kaya kwathu kuno cha ku Domue, timakhala tothinana, nthambi pamwamba, bango m'mbali. Mmenemo ndodo yaitali imangokodwa, ndipo kuponya kwake n'kwa chapansipansi, kwa mkono wokha, mamita khumi osapitirira. Ya 5' kapena 5'6" ndiye yake. Pa damu zinthu zimatembenuka. Nsomba zimakhala patali ndi gombe, mphepo imalimbana ndi kanyambo kopepuka, ndipo ndodo ya 6'6" kapena 7' imakupatsani mamita angapo owonjezera, komanso imakweza chingwe pamwamba pa udzu wa m'mphepete. Wofuna imodzi yochita zonse atenge ya 6', masentimita 183. Siipambana paliponse koma siikuchititsani manyazi paliponse.

Za chimene anapangira ndodo sindichulutsa. Carbon, imene ena amalemba graphite, ndi yopepuka, imamva bwino, imawongoka msanga, koma ikagundidwa pa mwala imasunga bala losaoneka n'kudzathyoka tsiku lina mukuponya. Fibreglass ndi yolemera, yofewa, yogona tulo pang'ono, koma imapirira nkhanza. Mwana kapena munthu woyamba kumene mpatseni ya fibreglass kapena yosakaniza ziwirizi. Manambala aja a IM6, IM8, 24T, 30T asakudyereni ndalama. Akamakwera ndodo imapepuka, komanso imafuna kuisamala kwambiri, ndipo pa misewu yathuyi chimenecho si chabwino chokhachokha. Pali zina zimene nsonga yake ndi yodzaza mkati, yopanda bowo, yolembedwa solid tip, kawirikawiri yopakidwa utoto woyera kapena wofiira. Nsonga yotere ndi yofewa kwambiri ndipo imaonetsa ndi maso nsomba ikangokhudza. Pa tinyambo tosakwana magalamu awiri ndi yabwino. Pa spinner ya nambala 1 m'madzi othamanga imagwada yonse ndi kukoka kwa spinner yokhayo, ndiye mphamvu yolowetsera mbedza imachepa.

Carbon imadutsa magetsi. Kunja kukayamba kugunda, igonekeni pansi muchokepo, ndipo poyenda nayo yolumikiza samalani mawaya.

Ndodo ya chidutswa chimodzi ndi yokoma m'dzanja, koma yesani kukwera nayo chapa ya ku Tete mutapanikizana ndi matumba a mbatatesi. Tengani ya zidutswa ziwiri. Zamakono kusiyana kwake simungakumve. Poilumikiza, lowetsani mphete zitaphonyana pang'ono, kenako potozani mpaka zilunjikane uku mukukanikiza. Pa ndodo zina pamatsala kampata pa mfundo, kamtengo kamkati n'kumaoneka. Anapanga dala kuti ikamaperepeseka izilowabe mothina. Musakankhe mokakamiza kuti kampatako katsekeke, ndipo musapale ndi sandipepala monga ndinaonera mnyamata wina akuchita. Ndodo zolowetsana ngati mlongoti wa wailesi, zimene zadzaza m'masitolo otchipa, ine sindizilimbikitsa pa ntchito iyi. Mphete zake zimakhala zochepa ndi zotalikirana, zimapotoka zokha, mchenga ukalowa m'mfundo zimakanirira, ndipo zambiri n'zolimba kuposa zimene zalembedwapo. Zowedzera pende ndi nyongolotsi zilibe vuto.

Mphete ziwerengeni. Mwachizolowezi pamakhala mphete imodzi pa masentimita 30 alionse, kuwonjezapo yakunsonga, kotero ndodo ya 6' ikhale ndi zisanu ndi ziwiri. Zikachepa, chingwe chimakhudza thupi la ndodo ikapindika, ndipo kulemera kumaunjikana malo ochepa. Zikhale zing'onozing'ono, za mwendo umodzi, chifukwa mphete zolemera kunsonga ndi zimene zimachititsa kuvina kuja. Mkati mwa mphete iliyonse muli kamkombero kosalala. Tengani kathonje, mukadutsitse m'mphete iliyonse mozungulira. Thonje likakodwa n'kusiya ubweya, pali mng'alu umene maso sakuuona, ndipo chingwe cha mamilimita 0.16 chidzaduka pamenepo tsiku loyamba. Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi imodzi ndipo ndi kumene anthu amakudumpha.

Chigwiriro chikhale chachifupi, chosafika pachigongono, poti ndodo iyi imaponyedwa ndi dzanja limodzi ndipo chachitali chimakodwa m'malaya. Kaya ndi cha cork kaya cha thovu lakuda, sankhani chimene chakukomerani. Chofunika n'choti reel, chija chokulungira chingwe, ikamangidwa isagwedere.

Ndodo yabwino ikhoza kuonongedwa ndi reel yaikulu komanso chingwe chokhuthala, ndipo kwathu kuno izi ndi zimene zimachitika kwambiri, chifukwa chingwe chopezeka pa msika ndi cha 0.30 kapena 0.40, cha mlamba. Chingwe chotere chimatuluka chili chopiringizika, ndipo kanyambo ka magalamu awiri kalibe mphamvu yochikoka kuti chiwongoke. Pamafunika nayiloni ya 0.14 mpaka 0.18. Pa mapaketi a kuno mupeza atalemba 0,16 ndi mpumiro, n'chimodzimodzi. Yambani ndi 0.16 kapena 0.18. Nayiloni imatamuka pang'ono, ndiye imakhululuka mukakoka mwaphuma. Chingwe choluka, cha braid, chimaponya patali ndipo chimamva kwambiri, koma sichitamuka, chimaoneka m'madzi oyera, chimafuna kulumikiza kachingwe kena kosaoneka kutsogolo, ndipo mphepo ikachikulunga mfundo yake simungaimasule. Chisiyeni kaye mpaka dzanja lizolowere.

Reel ikhale ya saizi 1000, kapena 500 pa ndodo yaifupi, kapena 2000 pa ya 7'. Zazing'ono kwambiri zimaoneka zokongola koma spool yake, pamene chingwe chimakulungikira, imakhala yochepa ndipo imapiringiza chingwe. Mukaimanga pa ndodo, ikani chala chimodzi pansi pa ndodo kutsogolo pang'ono kwa phazi la reel. Ikakhazikika pamenepo, zagwirizana. Ikagwera kunsonga, dzanja lidzatopa dzuwa lisanafike pamutu. Dzazani chingwe mpaka patsale mamilimita awiri kapena atatu kufika pamlomo wa spool. Chikachepa simuponya patali, chikasefukira chimatuluka chamtolo.

Ndiye pali drag, kachitsekerero kozungulira ka pamwamba pa spool kamene kamalola nsomba kukoka chingwe m'malo mochidula. Pa ultralight kameneka ndi kofunika kuposa kuchuluka kwa mabearing kumene amadzitama nako pa bokosi. M'sitolo kokani chingwe ndi dzanja, kapena zungulitsani spool ndi zala. Izitembenuka mosalala, osati kukana kenako n'kulumpha. Pomanga, drag iziyamba kulola chingwe mukakoka ndi mphamvu ya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu ya chingwecho. Pa chingwe cha 4 lb ndiye kuti pafupifupi theka la kilo. Botolo la madzi la theka la lita mutalimangirira kuchingwe chochokera pa reel, osadutsa m'mphete, lizitsika pang'onopang'ono.

Ngati ndalama yaperewera, ndodo ikhale yapakatikati koma reel ikhale ya drag yabwino, ndipo chingwe musatchipe nacho. Ndodo yodula yokhala ndi chingwe chakale cha pa msika ndi kutaya metikali.

Spinner imapota chingwe, makamaka mukaikoka mothamanga. Mangani kaswivel kochepetsetsa, kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana, masentimita 30 kapena 40 pamwamba pake, osati pamphuno pake penipeni pomwe nsomba ya m'madzi oyera ingakaone. Chingwe chikapotanabe, chotsani nyambo, musiye chingwe chokhachokha chitengedwe ndi madzi mamita makumi awiri kapena atatu, kenako kulungani mutachipana ndi zala. Ndipo mukaponya, tsekani waya wa reel ndi dzanja n'kukoka chingwe pang'ono chisanayambe kukulungika. Mfundo zambiri zimabadwa pa kachingwe kolefuka kamene kakulungidwa koyambirira.

Pa madzi, siyani kanyambo kalendewere masentimita 20 kapena 30 kuchokera kunsonga, ndipo ponyani ndi dzanja, phewa likhale chete. Mukamva ndodo ikulira m'mphepo ndiye kuti mukulimbana nayo. Trout mu mtsinje imayang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya, choncho yendani mokwera mtsinje kuti muziifika cha kumbuyo. Ponyani kumtunda mopingasa, kulungani mofulumira pang'ono kuposa madzi kuti tsamba lizungulire. Imabisala kuseri kwa miyala, pansi pa gombe lokumbika, ndi pamene madzi othamanga akukumana ndi odekha. Imaona bwino kwambiri, ndiye malaya oyera a ku tchalitchi asiyeni kunyumba, ndipo mthunzi wanu usagwere pa dziwe.

Ngati ndi malo obwezera nsomba m'madzi, finyani kandevu ka mbedza ndi pulayala, nyowetsani manja musanaigwire, ndipo musaiseweretse mpaka itagona chammbali. Anthu ena amanyadira kuti anagwira nsomba yaikulu ndi chingwe cha 2 lb atalimbana nayo nthawi yaitali. Ine sindiona chonyadira pamenepo ngati nsombayo ikafere patsogolo atairekerera. Chingwe cha 4 lb chimaibweretsa msanga ikadali ndi mphamvu.

Ndodo zimenezi sizithyoka ndi nsomba kawirikawiri, zimathyoka ndi ife. Nsomba ikafika pafupi, munthu amaimika ndodo chilili, nsonga n'kupindikira pansi yokha, thyo! Ndodo isapitirire kupendekeka kwa theka pakati pa kugona ndi kuima pamene nsomba ikukoka, ndipo musainyamule nsomba m'mwamba ndi ndodo. Gwiritsani kaukonde kapena ikokereni pa mchenga. Nyambo ikakodwa pa mwala musagwedeze ndodo mwaukali. Lozani ndodo molunjika kumene yakodwako, gwirani spool, bwererani m'mbuyo nkhope mutatembenuza, chifukwa ikamasuka imabwera ngati chipolopolo. Musakoloweke mbedza m'kamkombero ka mphete, kolowekani pa phazi lake. Musakulunge mpaka swivel igunde mphete yakunsonga.

Ndipo musapite nayo ku Songo kukasaka ncheni wa mu Cahora Bassa, uja wa mano otuluka. Ameneyo amafuna ndodo ina, waya kutsogolo, ndi nyambo zolemera. Ngakhale kancheni kakang'ono ka mu Revubue kamaluma nayiloni ya 0.16 kamodzi kokha n'kupita ndi spinner yanu. Kumunsi kumeneko kumbukiraninso ng'ona. Kuima m'madzi mpaka m'mawondo ndi chizolowezi cha ku mapiri a trout, osati cha m'chigwa cha Zambezi. Kuwedza kwa masewera kuno ku Mozambique kumafunanso chiphaso chake, ndiye dutsani ku ofesi ya boma ya SDAE ya m'dera lanu mufunse.

Ponyamula, gulani paipi ya pulasitiki ya madzi, yotakata mokwana mphete yaikulu, muidule motalika pang'ono kuposa chidutswa cha ndodo. Tsekani mbali imodzi, ikani kansanza pansi, kulungani ndodo m'chitenje chakale, mbali inayo muike chotsekera chochotseka. Paipi yotere mutha kuimanga pa njinga yamoto kapena kuilowetsa pansi pa mpando wa chapa, wina n'kupondapo osaononga kanthu. Musaisiye m'galimoto yotseka mu Tete, kumene October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Nayiloni imafooka ndi dzuwa, ndipo guluu wa mphete yakunsonga amasungunuka mphete n'kutembenuka.

Nsonga ikathyoka masentimita awiri kapena atatu, ndodo siinafe. Tenthetsani kamphete ka pa chidutswa chothyokacho ndi machesi kamphindi kochepa, kokani ndi pulayala, katuluka. Salazani pothyokapo, pakani guluu uja wosungunula ndi moto, lowetsani mphete, ilunjikeni ndi zinzake guluu asanaume. Musagwiritse supagulu, chifukwa tsiku lina mudzafuna kuichotsanso. Poti ndodo imanenepa mukamatsika, kamphete kakale mwina kakana kulowa, ndipo musapale carbon kuti kalowe. Tumani wina amene akupita ku Lilongwe, Beira kapena Johannesburg akakugulireni timphete takunsonga ta masaizi angapo, kuyambira mamilimita 1.0 mpaka 1.8, ndipo mumuuze kunenepa kwa pothyokapo mutayeza. Ndodoyo ikhala yolimbirapo kuposa kale, ndiye ka Mepps ka nambala 00 mwina sikadzapitanso patali, koma nambala 0 ndi 1 idzaponyabe.